Tsiku Limene Kalabu Yonse Inasanduka Apongozi a Zakeyo

Mukafika pa Kasungu boma, funsani a kabaza kuti akuperekezeni kwa Zakeyo wa makhadi. Sangasochere nanu. Ena amati kwa Zakeyo wa pansi pa tebulo, koma limenelo musakalitchule mwiniwake ali pomwepo. Amakwiya, ndipo akakwiya khadi lanu laukwati lituluka mkwatibwi ali ndi khosi lalitali kuposa la mkwati.

Zakeyo Mphepo anabadwira m'kachisakasa ka matenanti pa esiteti ina ya fodya. Makolo ake anachokera ku Phalombe atamva kuti ku Kasungu ndalama zimamera pa masamba. Anazipezadi zikumera, kungoti othyola anali ena. Mwana anakulira m'chigafa, manja ali bii ndi utomoni wa fodya, akusankha masamba: ofiira paokha, achikasu paokha, ong'ambika paokha. Bambo ake anamusiyira malamulo awiri okha, poti china choti n'kusiya panalibe. Loyamba linali lakuti belo la fodya lopanda chizindikiro ndi la aliyense. Lachiwiri linali lakuti kwa eni umadzichepetsa, chifukwa chuma cha mlendo ndi ulemu. Malamulo awiriwa Zakeyo anawameza osatafuna, ndipo ndi omwewo anadzakumana m'mimba mwake tsiku lina n'kumenyana.

Bambo atamwalira, mayi anabwerera kummwera, iye n'kutsala pa boma. Anapeza ganyu yosesa pa kashopu ka Aloysius, munthu wa mimba yake ndi phwete lake, amene anagula kompyuta yakale n'kulemba pakhomo kuti timajambula, timasindikiza, timatchaja mafoni. Kashopuko n'kakang'ono zedi. Mukalowamo anthu atatu, wachinayi amapereka moni ali panja.

Tsiku lina akusesa, Zakeyo anasuzumira pa kompyuta Aloysius akukonza khadi laukwati, ndipo tsache linaima. Mwina inu mumayesa chithunzi cha pa kompyuta ndi pepala limodzi. Ayi ndithu. Ndi mapepala oonekera ngati pulasitiki, osanjikizana. Pansi pali mtundu wakumbuyo, pamwamba pake nkhope ya munthu, pamwamba pakenso mawu. Pepala lililonse amalitcha leya, ndipo m'mbali mwa sikirini maleya onse amaima pamzere, iliyonse ndi dzina lake ndi kadiso kake. Ukatseka kadisoko, leyayo imabisala.

"Bwana, ichitu ndi chigafa," anatero Zakeyo. "Kungoti fodya wanu simunamusankhe."

Sananame. Kompyuta ili ndi ulesi wake: ukalemba mawu pa leya yatsopano, iyo imangotola mawu omwewo n'kuitcha leyayo. Ukalemba kuti Loweruka, leya ndi Loweruka. Ukalemba dzina la mkwati, leya ndi mkwatiyo. Aloysius ankazisiya choncho, ndiye maleya ake anali ngati msika wa Lachiwiri, kope ya kope ya kope, mkwati wa chaka chatha akadali pomwepo pakati pa maluwa a maliro. Zakeyo atapatsidwa mpando anasesanso m'kati mwa kompyutamo. Leya iliyonse anaipatsa chizindikiro chake chosasintha: dzina, nkhope, tsiku, malo, vesi.

Si ukhondo wokha ayi. Mnyamatayu anali ataphunzira kulembera kompyuta malangizo kuti izigwira yokha ntchito zobwerezabwereza. Amasonkhanitsa zithunzi za anthu, chilichonse n'kuchitcha dzina la mwini wake, kenako n'kuuza makina kuti: tenga chithunzi, chiike pa leya yotchedwa nkhope, pita pa leya yotchedwa dzina, fufuta zimene wapezapo, lemba dzina la munthu uyu, sunga, tenga china. Akadina batani, iye amakakhala panja n'kumakukuta chimanga chootcha, makhadi a kwaya yonse akudzipanga okha. Koma ankachenjeza aliyense wofuna kumva, ngakhale wosafuna, kuti makina ndi wantchito wopanda nzeru. Amaitana dzina lokhalo limene wawauza. Akaitana koma osavomera wina, sadabwa, safunsa, amangolambalala n'kupitiriza zina.

Mtsikana wina dzina lake Malita anabwera pashopupo ndi kwaya ya kwawo ku Chulu kudzajambulitsa. Zakeyo anamujambula kambirimbiri, akumati waphethira, chonsecho mtsikana maso ali gwa. Chaka chisanathe anali atakwatirana, ndipo Zakeyo, mwana wa tenanti wopanda mudzi pafupi, anakalowa chikamwini ku Chulu. Kumeneko ndiye kunali apongozi.

Ine si apongozi anga, choncho ndiwatchula: a Fainala Nthanda. Mayi wamasiye, wamfupi, wolima fodya wake ndi mtedza wake, mawu ake akamveka kudimba mbuzi za eni zimabwerera zokha. M'mudzi ankangoti aNabanda.

Mwambo woti mkamwini azipewa apongozi ake aakazi tonse tikuudziwa. Suwayang'ana kumaso, suwatchula dzina, mukakumana panjira umapatuka. Komatu masiku ano anthu amachita mongopaka. Alipo akamwini amene amakhala mpando umodzi ndi apongozi m'minibasi, mpaka kuwabwereka foni. Zakeyo ayi. Iye anautenga mwambowo ndi manja awiri, n'kuuwonjezera ndi lamulo la bambo ake lija. Akangoona duku la aNabanda likutulukira pa kanjira, munthu ndi njinga yomwe phi! m'munda. Wagwerapo m'chimanga, wagwerapo m'nazale ya fodya ya eni, ndipo tsiku lina anadziponya m'chitedze n'kukhala sabata yonse akudzikanda ngati galu wa nkhupakupa. Ana a m'mudzimo ankamuseweretsa. Amangofuula kuti "aNabanda awo!" kuti aone wa kompyuta akuuluka.

Musaseke kwambiri, chifukwa munthuyu anali ndi chake chomupweteka. Ku Chulu n'kutali ndi boma. Ankapalasa njinga Lolemba m'mawa, sabata yonse n'kumagona pa makatoni m'shopu, kubwerera Loweruka. Mwana wawo wamkazi, Thandizo, ankati akamuona akulowa pakhomo n'kuthawira kumbuyo kwa amake akulira, kuyesa ndi wa katemera. Zakeyo anabadwira pa malo a eni, anakulira pa malo a eni, anakwatira pa malo a eni. Chimene ankafuna pa moyo wake chinali chimodzi: chitseko choti akatseka, mkazi wake ndi mwana wake akhale m'kati pamodzi naye. Chaka cha nkhani yathuyi anapeza kanyumba ka zipinda ziwiri cha kwa Mwase, ndipo mwini nyumba anati amusungira mpaka mvula yoyamba basi.

Kuti atenge Malita kupita naye kumeneko pankafunika chilolezo cha chitengwa, ndipo mawu omaliza anali a aNabanda. Zakeyo sangayankhule nawo, ndiye pempho limadzera kwa a Tsoka, mlongo wawo wa aNabanda, amenenso anali nkhoswe ya Malita. Chaka ndi chaka a Tsoka ankapita ndi pempho, n'kubwerako ndi yankho lomwelo: "Akuti mwana wawo akadya chiyani kumeneko, zithunzi?" Akatero a Tsoka ankamusisita paphewa. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, akamwini." Zakeyo anadekha mpaka nkhono zonse za ku Chulu anazidziwa maso.

Mwayi unabwera ndi makuponi. Zinali zaka zija fetereza wotsika mtengo ali pakamwa pa aliyense, anthu akugona pamizere ku depoti, mavenda akulowerera ndi makuponi osadziwika kochokera. Kalabu ya alimi ya Tisagone, imene wapampando wake anali aNabanda, inagwirizana kuti membala aliyense akhale ndi khadi la nkhope ndi dzina, kuti akamapita limodzi ku depoti aziima pamzere wawo popanda khwangwala wolowerera. A Tsoka anafika kwa Zakeyo akumwetulira.

"Akuti ngati bokosi lanulo limagwiradi ntchito ya anthu, lipange makhadiwa. Akatuluka bwino, nkhani ya chitengwa ikhala pamphasa."

Loweruka lotsatira Zakeyo anapachika nsalu yoyera pakhoma la tchalitchi n'kujambula kalabu yonse. Zinayenda bwino mpaka pamene apongozi anakhala pampando. Abale inu! Munthu ujambula bwanji nkhope imene suloledwa kuiona? Anatembenuka, kamera n'kuilozetsa chambuyo kudzera paphewa. Chithunzi choyamba chinagwira denga la tchalitchi. Chachiwiri chinagwira mbuzi. Chachitatu chinagwira khutu la a Tsoka. Malita anamulanda kamerayo n'kujambula mayi ake yekha, akupukusa mutu.

Kushopu, khadi loyamba kukonza linayenera kukhala la wapampando, poti akulu ndiwo amayamba kusamba m'manja. Zakeyo anayala zonse bwinobwino, chimanga chobiriwira m'mbali, dzina la kalabu pamwamba. Chithunzi cha apongozi anachilowetsa atatsinzina, n'kutseka kadiso ka leya yake msangamsanga. Kunatsala kulemba dzina lawo. Limenelo zala zake zinakana.

"Bwana, ndithandizeni. Lembani ndinu, ndipo mumalizenso malangizo. Ine ndiima panja."

Aloysius anaseka mpaka mpando kulira, koma analemba. Ndipo analemba monga mwa khalidwe lake. Anatayipa Fainala Nthanda pa khadi, kompyuta n'kuitcha leyayo Fainala Nthanda, iye osasintha. M'malangizo namo analemba kuti makina azikafuna leya yotchedwa Fainala Nthanda, azifufuta zili pamenepo, azilemba dzina la membala. Zinali zolondola ndithu, zikanayenda. Atatha anatuluka kukagula mapepala.

Zakeyo anabwerera pampando, ndipo diso lake, mwangozi, linagwera m'mbali mwa sikirini. Mayo! Dzina la apongozi lili poyera, lopanda ngakhale "a" kutsogolo, litapanikizika pakati pa chimanga ndi mzere wofiira, pamalo poti aliyense wodzatchajitsa foni aliwerenga. Anatsinzina, n'kudina pa dzina la leyalo, n'kulembapo mawu ena: Olemekezeka. Atatsegula maso mtima unakhala pansi. Dzina la pa khadi silinasinthe, koma pa mzere wa maleya apongozi anali atavala.

Musaganize kuti sankadziwa. Ankadziwa bwino lomwe kuti wasintha chizindikiro cha belo, ndipo m'malangizo namo muyenera kusinthidwa. Koma m'malangizo dzinalo linali pakati pa mizere ya Chingerezi, pamene ukaphonya kachilembo kamodzi zonse zimafa. Pamenepo sungagwire utatsinzina. Anati adikira Aloysius. Kunabwera wofuna fotokope, kunabwera wa chithunzi cha pasipoti, kenako wina anadutsa akunena kuti magetsi athima posachedwa. Zakeyo anadzidzimuka n'kudina batani. Chakudza sichiimba ng'oma.

Makina anagwira ntchito yawo mokhulupirika. Anatenga chithunzi, n'kuika pa nkhope. Anaitana Fainala Nthanda, palibe wovomera, poti leya ija tsopano inali Olemekezeka. Analambalala, n'kusunga, n'kutenga china. Anatero mpaka kalabu yonse inatha.

Aloysius ndiye anasindikiza, n'kumata pulasitiki, n'kudula. Anaona kuti dzina ndi limodzi pa makhadi onse, koma anati mumtima mwake ndi dzina la wapampando, la anthu wamba lilibe ntchito, akumudzi amadziwana nkhope. Zakeyo anatenga mpukutuwo kuti aunike. Anatembenuza lapamwamba, diso linangogwira zilembo zoyamba, iye maso kumbali, "Pepani amayi." Anasolola lina pakati, zilembo zomwezo. Anadzidzudzula kuti dzanja lake lamwano likungobwerera pa khadi la apongozi. Anakulunga onse m'nyuzipepala n'kumanga ndi mphira.

Loweruka kalabu inasonkhana pansi pa mitengo ya mango ya kutchalitchi. Amayi anavala zitenje zatsopano, abambo majekete, ngati kukubwera nduna. Zakeyo anaima kuseri kwa chigafa cha pafupi, khutu lili tcheru. A Tsoka anamasula nyuzipepala, natambasula dzanja kuti khadi likhale patali ndi maso, poti apafupi anawathera kale.

"Fainala Nthanda!"

Nthungululu zinalira. ANabanda anadzuka mwaufumu, kulandira ndi manja awiri, kuyang'ana. Pa khadipo panali nkhope ya a Chikhumbo, mkulu wa mpingo, ndevu zili mbuu.

A Tsoka anati mwina ndi limodzi lokha, natenga lina. "Fainala Nthanda!" Nkhope ya mnyamata wa ngolo. Lina. "Fainala... Nthanda." Mayi woyembekezera wa kutsidya. A Tsoka anayamba kufulumira, mawu akunka nachepa, mpaka anafika pa khadi lina n'kuliyang'anitsitsa. Anali iwo eni, khutu lomwe lija, atasanduka mlongo wawo.

Phwete linaphulika. Anthu anagubuduzika pansi. Abambo anayamba kupatsana moni, "Mwadzuka bwanji a Fainala?" "Ndadzuka, kaya a Fainala anzanga?" A Chikhumbo ankafunsa ngati tsopano azikhala mbali ya amayi m'tchalitchi. Koma kuseka kwa zaka za makuponi sikunkachedwa kuwawa. Anaimirira a Dorika, amene mpando wa kalabu anaulephera ndi mavoti ochepa ndipo sanaiwale.

"Sekani, anthu opusa inu! Simukuona? Tikakafika ku depoti, matumba onse atuluka m'dzina limodzi. Tinkamva kuti kwina amalembetsa anthu a kumanda kuti adye makuponi. Kuno ayamba kufufuta amoyo! Mayi ndi mkamwini wake apangana."

Nkhani ya fetereza sinali yoseweretsa, inkalekanitsa anthu obadwa bere limodzi. Maso onse anatembenukira kwa aNabanda, mayi amene sanabepo ngakhale chitsononkho cha munthu. Anayankhula moyang'ana a Tsoka, koma mawu anafika bwinobwino kuseri kwa chigafa.

"Muwauze akamwini anu kuti Lolemba tikubwera komweko, ndikaone ndi maso anga makina andiveka umbavawa. Za chitengwa aiwale."

Lolemba m'mawa pa boma panalowa mdipiti wa njinga kuchokera ku Chulu, a kabaza mpaka kufunsa kuti wamwalira ndani. Anafika pakashopu kaja. ANabanda analowa, a Dorika pambuyo, a Tsoka n'kutseka khomo ndi thupi, ena onse kuunjikana pawindo, Malita ali pakati pawo ndi mwana kumbuyo. Zakeyo anayang'ana kumanja, khoma. Kumanzere, fotokope. Munda wothawiramo munalibe. Anangoti psiti! pansi pa tebulo la kompyuta, pakati pa mawaya ndi makatoni ake ogonera.

Mlandu unazengedwa choncho. ANabanda anakhala pampando wa Zakeyo, mapazi awo atatsala pang'ono kumuponda zala, n'kumayankhula ndi a Tsoka. A Tsoka amawerama n'kubwereza mawu omwewo pansi pa tebulo. Yankho limakwera njira yomweyo.

"Afunseni, anawatuma ndani?"

"Akuti anakutumani ndani?"

"Muwauze kuti palibe."

"Akuti palibe."

"Ndamva, sindine gonthi!"

Pang'ono ndi pang'ono nkhani inatuluka. Mawu ochokera pansi pa tebulo anauza Aloysius kuti atsegule malangizo. Aloysius anawerenga mokweza pamene makina amauzidwa kufuna leya yotchedwa Fainala Nthanda. Kenako analoza mzere wa maleya. Fainala Nthanda panalibe. Panali Olemekezeka. A Dorika anayandikiza mphuno pa sikirini, kuwerenga chilembo chimodzichimodzi, kufunafuna pamene pabisala matumba a fetereza.

"Ndiye makinawa amandiitana ine, ine osavomera?" anafunsa aNabanda.

"Eya, mayi," anatero Aloysius. "Mkamwini wanu anakubisani. Anaona kuti dzina lanu lili poyera pakati pa chimanga, ndiye analiveka nsalu. Makina atakusowani anangosiya dzina lanu pa khadi la aliyense."

Kukonza kwake kunali kwa kanthawi kochepa kwambiri, mpaka kuchititsa manyazi. Aloysius anafufuta dzina m'malangizo n'kulembamo Olemekezeka, kuti woitana ndi woitanidwa agwirizane. Anasonyeza aNabanda batani. Mayi anapukuta chala pachitenje, n'kudina ngati akupha nsikidzi. Pa sikirini panabwera ndevu za a Chikhumbo, dzina la Fainala linazimirira, la a Chikhumbo n'kukhalapo. Kenako mnyamata wa ngolo. Kenako a Dorika, dzina lawo lenileni, zilembo zonse zili m'malo. Pawindo panamveka m'manja. A Dorika anatsokomola n'kunena kuti iwo ankangofunsa, kufunsa si kulakwa.

ANabanda anaonerera dzina lawo likufufutika n'kufufutikanso. Kenako mapewa anayamba kugwedezeka, anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya duku.

"Achimwene, ndiye kuti chipongwe chonsechi n'chifukwa choopa dzina langa?"

"N'chomwecho," anatero a Tsoka.

"Ha! Ulemu wotere unatha kalekale. Akamwini a anzanga amawatchula apongozi awo ngati akuitana nkhuku. Ayi, munthu uyu ndi wosowa. Muwauze kuti ndawakhululukira. Muwauzenso kuti mkamwini wotere sindingamutaye. Akhale konkuja ku Chulu mpaka adzandiike m'manda."

A Tsoka anawerama kuti apereke uthengawo, koma sanaumalize. Pansi pa tebulo panamveka khu! Mutu unagunda thabwa, kompyuta inadumpha, mbewa yake n'kulendewera pa waya. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Zakeyo anatuluka chokwawa, ukonde wa kangaude uli kutsitsi, naimirira, nayang'ana apongozi ake m'maso mwenimweni.

"A Fainala Nthanda!"

Pawindo wina anati "Yesu!" Malita anagwira pakamwa. A Tsoka anayang'ana kudenga ngati akudikira mphezi.

"A Fainala Nthanda, ine ndatopa. Ndagona pa makatoni awa zaka zonsezi. Mwana wanga amandithawa. Ndagwera m'chitedze chifukwa cha inu, ndaphwanya nazale za eni chifukwa cha inu. Ulemu ndapereka wonse, wina ndilibe. Ndikufuna mkazi wanga ndi mwana wanga, ndikatseke nawo chitseko changa."

Mawu atatha, maso sanawachotse. ANabanda nawo anamuyang'ana, kuyambira kutsitsi mpaka kuchibwano, mosafulumira, ngati akugula mbuzi.

"Kodi nkhope yawo ndi yotere?" anatero. Sanauze a Tsoka, anauza mwini nkhope. "Zaka zonsezi ine ndimangodziwa zidendene. Ndiye mumati mwana wanga ndimupereke kwa zidendene? Kutauni kukabwera chovuta, ndimati bamboyu adzalowa pansi pa bedi, mwana wanga n'kutsala yekha pakhomo." Anadzuka n'kukonza chitenje. "Pa mwano mwandichitawu mupereka tambala, wamkulu, osati kamwanapiye. Mkazi wanu mudzatenge mvula isanagwe."

Makhadi atsopano anatuluka tsiku lomwelo, ndipo kalabu ya Tisagone inakaima pamzere wake ku depoti aliyense ndi dzina lake. Akale aja anawatentha, kupatula la a Tsoka. Iwo analikaniza, mpaka lero lili m'chikwama, amalitulutsa pamowa. Zakeyo anapereka tambala. Ndipo kuyambira pamenepo leya ya dzina m'shopu muja imatchedwa dzina basi, kaya khadi ndi la bishopu.

Tsiku losamuka linali lotentha, minda ili mbee, mizere yolimidwa kale ikudikira mvula. Katundu yense anakwana pa njinga ziwiri: mphasa, mapoto, ndowa, kampando ka Thandizo. Zakeyo anali patsogolo, Malita pambuyo ndi mwana. ANabanda sanaoneke pakhomo potsanzikana, anthu anati apita kudimba.

Atangotuluka m'mudzi, pa kanjira kopapatiza kaja, Zakeyo anaona duku lodziwika patsogolo. Miyendo yake, mwa chizolowezi, inayamba kale kukhotetsa njinga kuloza m'munda. Koma m'mundamo munali mutalowa kale munthu. ANabanda ndiwo anali atapatuka. Anaima pakati pa mizere, chitenje ataphimba nacho kumaso.

Zakeyo anayesa ndi nthabwala, kuti akumubwezera zake zija, ndipo anatsala pang'ono kuseka. Malita ananong'ona kumbuyo, "Tiyeni, musayang'ane." Koma munthu amene waphunzira kuyang'ana mochedwa saleka msanga. Anayang'ana. Chitenje chinkagwedezeka, ndipo sikunali kuseka.

Pamenepo ndi pamene anawerenga zimene zinali poyera zaka zonsezi, iye ali kalikiliki kudziponya m'tchire. Amuna awo a mayiwa anagona kumanda. Ana aamuna anapita ku Joni, mafoni anasiya kulira. Malita ndiye anali wotsala yekha woti n'kumuitana m'mawa, ndipo Thandizo ndiye ankagona kumsana kwawo. Nkhani sinali ya zithunzi, sinalinso ya zidendene. Chisoni chinamugwira Zakeyo, chifukwa chitseko chimene iye amapita kukatseka chinali kusiya china chili pululu.

Anatsika panjinga. Sanathawe. Anavula chipewa n'kuima pakati pa njira mpaka chitenje chinatsika pang'onopang'ono. Thandizo anatambasula manja ali kumbuyo kwa amake, akuitana agogo. ANabanda anamuyang'ana mwanayo, anayang'ana Malita, kenako mkamwini wawo, maso ali psuu.

"Pitani, a Zakeyo," anatero. "Mvula ingakupezeni panjira."

Kumwamba kunalibe mtambo ngakhale umodzi.